WODWALA AKAMAVUTIKA KUMEZA

M'phunziro lino tiwerenga za ntchito imene tonse timagwira tsiku ndi tsiku osaiganizira. Ntchitoyo ndi kumeza. Timameza nsima. Timameza madzi. Ngakhale tili m'tulo timameza malovu.

Koma pali matenda amene amalanda munthu mphamvu yomeza. Zikatero, phala limene tamuphikira mwachikondi likhoza kumuvulaza. Madzi amene tamumwetsa kuti apeze mphamvu akhoza kulowa m'mapapu. Kwathu kuno wodwala sadyetsedwa ndi namwino yekha. Kunyumba, ngakhale m'chipatala momwe, amene amagwira supuni kawirikawiri ndi mkazi wake, mwamuna wake, mwana wake kapena mlongo wake. Choncho nzeru zimene anamwino amaphunzira za kadyetsedwe ka odwala tiyenera kuzidziwa ifenso. Tiyeni tiwerenge mosathamanga. Pamene pavuta, funsani mnzanu amene mwakhala naye pafupi.

1. NJIRA ZIWIRI ZA PAKHOSI

Ikani zala pakhosi panu, kutsogolo. Tsopano mezani malovu. Mwamva kanthu kolimba kakukwera ndi kutsikanso. Limenelo ndi kholingo.

Pakhosi pathu pali njira ziwiri. Ya kutsogolo ndi ya mpweya. Imayambira pakholingo ndi kutsikira m'mapapu. Ya kumbuyo ndi ya chakudya, ndipo dzina lake ndi mmero. Mmero wa munthu wamkulu ndi wotalika pafupifupi masentimita 25, ndipo umakathera m'mimba. Kuseri kwa lilime njira ziwirizi zimakumana pa mphambano imodzi. Mpweya umadutsa pomwepo, chakudyanso pomwepo.

Tikameza, zinthu zingapo zimachitika pa kamphindi kochepa. Lilime limakankhira chakudya kumbuyo. Njira ya kumphuno imatsekeka. Kholingo limakwera, ndipo kachivundikiro kamene kali pamwamba pake kamatseka njira ya mpweya. Kupuma kumayamba kwaima. Chakudya chimalowa mummero, kenaka kupuma kumayambiranso. Wolamula zonsezi ndi ubongo, kudzera m'mitsempha.

Njira ya mpweya ikachedwa kutsekeka, madzi amatipalira. Timatsokomola mpaka misozi kutuluka. Kutsokomola kumeneko ndi mlonda wa mapapu. Kumatulutsa zimene zasochera njira.

2. NGOZI ZITATU

Munthu wovutika kumeza ali pa ngozi zitatu.

Yoyamba ndi kutsamwa. Nthongo ya nsima kapena chidutswa cha nyama chimatseka njira ya mpweya. Munthu akhoza kufa pa mphindi zochepa.

Yachiwiri ndi chibayo. Madzi, phala kapena malovu zimalowa m'mapapu pang'onopang'ono. Zimatenga tizilombo ta m'kamwa ndi kukatisiya m'menemo. Pakapita tsiku limodzi kapena masiku angapo, wodwala amatentha thupi, amapuma mofulumira, ndipo pachifuwa pamalira. Tidziwenso ichi: mwa odwala ena mlonda uja amagona. Chakudya chimalowa m'mapapu koma iwo satsokomola konse. Choncho tisanene kuti, "Poti sanatsokomole, ndiye kuti wameza bwino."

Yachitatu ndi kuwonda ndi kuuma kwa thupi. Wodwala amayamba kuopa chakudya ndi madzi. Amadya pang'ono, amamwa pang'ono. Thupi limafooka, ndipo zilonda za pamsana zobwera chifukwa cha kugona nthawi yaitali zimachedwa kupola.

3. MATENDA AMENE AMABWERETSA VUTOLI

Kuvutika kumeza ndi chizindikiro. Kuseri kwake kuli matenda amene ayenera kufufuzidwa kuchipatala.

Kufa kwa ziwalo. Ena amati sitiroko. Pa Chipwitikizi timamva anthu akuti trombose kapena AVC. Mtsempha wa magazi mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika. Mwadzidzidzi kamwa limapotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo umafooka, mau samveka bwino. Pafupifupi theka la odwala otere amavutika kumeza m'masiku oyamba. Mu 2005 ndi 2006 madokotala a ku Maputo, pamodzi ndi dokotala wa matenda a mtima Albertino Damasceno, anatsatira odwala sitiroko oposa 600 amene anafika m'zipatala za mzindawo. Pafupifupi theka anamwalira masiku 28 asanathe. Ena amafa ndi sitiroko yeniyeniyo. Ena amapulumuka masiku oyamba, kenaka chibayo n'kuwatenga. Koma pali nkhani yolimbitsa mtima. Ambiri amene apulumuka amayambiranso kumeza bwino pakapita milungu ingapo. Ntchito yathu ndi kuwateteza m'milungu yoopsayo.

Gwero lalikulu la sitiroko ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kuchipatala amati tensão alta. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Mozambique wa mu 2005 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. Tiyeni tizikapimitsa, tichepetse mchere, ndipo amene apatsidwa mankhwala asaleke kumwa.

Zoyera za m'kamwa ndi kummero. Lilime ndi m'masaya mumachita zoyera ngati chambiko. Zikatsikira kummero, munthu amamva kuwawa kuseri kwa fupa la pachifuwa akameza. Zimagwira kwambiri anthu amene chitetezo cha thupi chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sanayambe kumwa ma ARV kapena anasiya. Matendawa ali ndi mankhwala ndipo amachira. Kuchipatala amapereka nystatin wa m'kamwa, kapena fluconazole zikafika kummero. Amene sanayezetse magazi ayezetse.

Khansa ya kummero. Chotupa chimamera mummero ndi kuchepetsa njira. Matendawa amabwera mwakachetechete. Poyamba munthu amamva nyama kapena nsima yolimba ikuima pachifuwa, ndipo amaikankha ndi madzi. Pakapita milungu kapena miyezi, phala nalo limaima. Pomaliza ngakhale madzi amabwerera. Khansa imeneyi ndi yofala m'maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuyambira ku Ethiopia mpaka ku South Africa. Kwa anansi athu ku Malawi ndi yofala kuposa m'maiko ambiri a dziko lapansi. Ife a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Milange, Mecanhelas ndi Lago timadya, timamwa ndi kuphika mofanana ndi iwo, choncho tikhale tcheru. Fodya ndi mowa, makamaka kachasu, zimawonjezera ngozi. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili ku Lyon m'dziko la France, linanena kuti zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 zikuoneka kuti zimathandiza kuyambitsa khansa imeneyi. Tiyi kapena phala likapsa, tiyambe talidikira lipole.

Munthu akamva chakudya chikuima pachifuwa, ena amati wadyetsedwa mankhwala kapena walodzedwa. Miyezi imatha akuyendayenda, ndipo amafika kuchipatala atatheratu. Tikupempha makolo athu: chakudya chikayamba kuima pachifuwa, pitani kuchipatala msanga, pamene mukadali ndi mphamvu. Ngati kuli kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu, monga cha ku Tete kapena Lichinga, mwinanso ku Beira, Quelimane, Nampula kapena Maputo. Kuli zipatala zimene amayang'ana mkati mwa mmero ndi kapaipi kokhala ndi kamera.

Ukalamba ndi matenda a ubongo. Okalamba ena mano anatha, ndipo m'kamwa mumauma. Ena ali ndi matenda oiwalaiwala, amasunga chakudya m'kamwa osameza. Ena ali ndi matenda onjenjemera a Parkinson. Palinso ana amene ubongo wawo unavulala pobadwa kapena ndi malungo aakulu. Onsewa amafuna kudyetsedwa mosamala.

Matenda ena. Chithokomiro chikakula kwambiri chimapanikiza mmero. Kafumbata amaumitsa nsagwada. Chiwewe chimachititsa munthu kuopa madzi, ndipo zikafika pamenepo sichichizika. N'chifukwa chake wolumidwa ndi galu ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Soda wopangira sopo amawotcha mmero wa mwana amene wamumwa poyesa madzi. Bala likapola mmero umachepa. Soda asasungidwe m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, tisamusanzitse. Tithamange naye kuchipatala.

4. ZIZINDIKIRO

Wodwazika matenda akhale ndi maso ndi makutu. Izi ndi zimene tiyenera kuona:

Kutsokomola kapena kupaliridwa pakudya ndi pakumwa, kapena atangomaliza.
Mau a nthenya, omveka ngati pakhosi pali madzi, akatha kumeza.
Dovu kuchucha, kapena chakudya kutayikira pambali pa kamwa.
Chakudya kutsalira m'tsaya.
Madzi kapena phala kutulukira m'mphuno.
Kumeza kangapo supuni imodzi yokha.
Kutha nthawi yoposa theka la ola pa mbale yaing'ono.
Maso kulengeza misozi, kapena kupuma mwabefu pakudya.
Kuwonda, ndi kutentha thupi kobwerezabwereza pamodzi ndi chifuwa.

Tikaona chimodzi mwa izi, tikauze namwino, kapena wothandiza zaumoyo wa m'mudzi amene ambiri timamudziwa ndi dzina loti APE.

5. ZIMENE NAMWINO AMACHITA

Munthu akagwidwa ndi sitiroko, lamulo loyamba ndi ili: asapatsidwe kanthu pakamwa mpaka namwino kapena dokotala atamuyesa. Asapatsidwe madzi, phala, mapiritsi kapena mankhwala azitsamba. Anyamulidwe msanga, atagona chammbali.

Namwino amayamba waona ngati wodwala ali maso ndiponso ngati angathe kukhala tsonga. Amayang'ana m'kamwa. Amamuuza kuti atsokomole ndi kumeza malovu. Kenaka amamupatsa madzi oyera pa supuni yaing'ono, akuyang'ana kholingo ngati likukwera. Amamuuza kuti alankhule kuti amve mau. Zikayenda bwino kangapo, amamuyesa ndi kapu. Akatsokomola kapena mau akasintha, namwino amaleka. Pamenepo amatiuza chakudya choyenera, kapena amati wodwala ayambe wadyera m'kapaipi. Tikapanda kumvetsa, tifunse. Akulu anati safunsa anadya phula.

6. MALAMULO A KADYETSEDWE

Loyamba. Wodwala akhale maso. Munthu wosinza, wokomoka, kapena amene wangogwa kumene khunyu sadyetsedwa ndipo samwetsedwa. Tisamuthire madzi m'kamwa kuti atsitsimuke. Timugoneke chammbali kuti malovu ndi masanzi zitulukire kunja.

Lachiwiri. Akhale tsonga. Wogona chagada sadyetsedwa. Ngati angathe, akhale pampando. Ngati ali pamphasa, atsamire khoma, kapena timuikire thumba la chimanga kumsana ndi mabulangete opinda. Munthu wina akhoza kukhala kumbuyo kwake ndi kumuchirikiza. Ngati mbali imodzi ndi yofooka, tiike mtsamiro pansi pa mkono wofookawo kuti asapendekeke.

Lachitatu. Mutu usagadamire kumbuyo. Ukhale wolunjika, chibwano chiweramire pang'ono pachifuwa. Mutu ukagadama, njira ya mpweya imakhala poyera. Wodyetsa akhale pansi, maso ake alingane ndi a wodwala. Tikaimirira, wodwala amakweza mutu kutsata supuni.

Lachinayi. Supuni ikhale yaing'ono, ya tiyi. Ngati mbali imodzi ya kamwa inafooka, tiike chakudya ku mbali yamphamvu.

Lachisanu. Tidikire ameze. Tione kholingo likukwera. M'kamwa mukhale mopanda kanthu tisanapereke supuni ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachisanu ndi chimodzi. Pasakhale phokoso. Wailesi izimitsidwe. Odzazonda matenda ayambe adikira panja. Tisamufunse mafunso kapena kumuseketsa chakudya chili m'kamwa.

Lachisanu ndi chiwiri. Akatsokomola kapena kutopa, tileke. Apume. Tisamupatse madzi kuti akankhire chakudya, chifukwa madziwo ndi amene amapalira msanga.

Lachisanu ndi chitatu. Akamaliza, tiyang'ane m'masaya ndi kuchotsa zotsalira. Akhalebe tsonga kwa mphindi 30 asanagone.

Ngati wodwala angathe kugwira yekha supuni, timulole. Ife tingogwirizira dzanja. Munthu wamkulu amachita manyazi kudyetsedwa ngati mwana. Tilankhule naye mwaulemu, timuuze chimene chili m'mbale, ndipo tisamukalipire akadetsa zovala.

7. CHAKUDYA CHOTANI?

Mu 2013 akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anayambitsa bungwe lotchedwa IDDSI kuti agwirizane za kufewa kwa chakudya cha odwala otere. Anaika magawo 8, kuyambira 0, amene ndi madzi wamba, mpaka 7, chimene ndi chakudya cha masiku onse. Mayeso awo ena amangofuna supuni ndi foloko, ndipo tingathe kuwachita pakhomo.

Kwa wodwala amene satha kutafuna, chakudya chikhale chosalala, chopanda mibulu. Tapani pa supuni. Chikhale ndi thupi, chisayenderere. Pendeketsani supuniyo. Chigwe chokha, chisakanirire. Ngati chikumatirira pa supuni, chidzamatiranso pakhosi.

Kwa amene amatafuna pang'ono, chakudya chikhale chofewa ndi chonyowa. Tizidutswa tisapose chikhadabo cha chala chachikulu, ndiye kuti sentimita imodzi ndi theka. Kwa ana tikhale tating'ono kuposa apo. Tikadinikiza ndi foloko, kachidutswako kaphwanyike.

Zakudya zoyenera tili nazo m'minda mwathu: phala losalala la mgaiwa wosefa, chipere cha nyemba zochotsa makoko, maungu, mbatata kapena kachewere wophika ndi kupota, nthochi yakupsa, papaya ndi mapeyala zofinya, phala la malambe losefa bwino, chambiko, nsomba yochotsa minga yonse ndi kuisinja. Popeza wodwala amadya pang'ono, supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu. Tithire m'phala nsinjiro zosefa, dzira lophikira momwemo, mkaka, kapena supuni ya mafuta. Adye pang'onopang'ono, ka 5 kapena ka 6 pa tsiku.

Zakudya izi ndi zoopsa kwa wovutika kumeza: nsima yolimba kapena yozizira, chimanga chokazinga, mtedza wathunthu, mpunga wouma, buledi ndi chigumu, nyama yolimba, usipa ndi kapenta wosasinja, masamba a ulusiulusi, mango a ulusi, nzimbe. Choopsanso ndi chakudya chosakaniza madzi ndi tizidutswa, monga msuzi wa nyemba zathunthu kapena thobwa losasefa. Madzi amathamangira pakhosi pamene lilime likulimbana ndi tizidutswato.

Tidziwenso kuti malovu amasungunula phala la chimanga. Supuni ikamachoka m'kamwa kubwerera m'mbale, phala limasanduka madzi. Choncho tizipakula pang'ono m'kambale, likatha n'kupakulanso.

8. MADZI NDI MANKHWALA

Ambiri timaganiza kuti madzi ndiwo osavuta kumeza. Kwa wodwala sitiroko, kawirikawiri madzi ndi tiyi ndizo zimavuta kwambiri, chifukwa zimathamanga. Zimafika pamphambano njira ya mpweya isanatsekeke. Kwa odwala ena namwino amalangiza zakumwa zokhuthala pang'ono, monga phala lamadzimadzi losefa. Izi si za aliyense. Namwino ndiye anene.

Koma wodwala asakhale wopanda madzi. Timupatse pang'ono, kawirikawiri, ali tsonga. Kapu ikhale yodzaza bwino ndi ya kukamwa kwakukulu, kuti asagadamitse mutu pomwa. Tisamuthire madzi ndi botolo. Tione mkodzo wake. Ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri, ndipo lilime lauma, ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Tikanene kuchipatala.

Mapiritsi nawonso amavuta. Wodwala asasiye mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a khunyu, a chifuwa chachikulu kapena ma ARV chifukwa choti akukanika kumeza. Ndiponso tisapere mapiritsi tisanafunse. Ena amaperedwa, koma ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi, ndipo akaperedwa amavulaza kapena sagwira ntchito. Namwino adzatiuza ngati tingapere, ngati tingaike piritsi mu supuni ya nthochi yofinya, kapena ngati pali mankhwala ena a madzi.

9. KUTSUKA M'KAMWA

Iyi ndi ntchito yaing'ono imene imapulumutsa moyo. Chibayo chimabwera ndi tizilombo ta m'kamwa. M'kamwa mukakhala moyera, malovu amene asochera amatenga tizilombo tochepa.

Ku Japan madokotala anachita kafukufuku m'nyumba 11 zosungiramo okalamba kwa zaka 2, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2002. Okalamba ena ankatsukidwa mano akatha kudya nthawi zonse. Ena sankalandira chisamaliro chimenechi. Mwa osatsukidwa, 19 pa 100 aliwonse anadwala chibayo. Mwa otsukidwa, anali 11 pa 100.

Choncho titsuke m'kamwa mwa wodwala akatha kudya ndiponso asanagone usiku. Tisambe m'manja poyamba. Tigwiritse ntchito mswachi wofewa, kapena kansalu koyera kokulunga pa kamtengo kosalala, konyowetsa ndi madzi owiritsa ndi kufinya bwino. Titsuke mano, nkhama, lilime ndi m'masaya. Wodwala akhale tsonga ataweramira kutsogolo, kapena agone chammbali. Ngati satha kulavula, asachukuche. Milomo ikauma tiipake mafuta pang'ono. Wopanda mano ndi wodyera m'kapaipi, nawonso amatsukidwa.

10. KAPAIPI KA PAMPHUNO

Wodwala akalephereratu kumeza, anamwino amalowetsa kapaipi kofewa pamphuno, kudutsa mummero mpaka m'mimba. Chakudya cha madzimadzi ndi mankhwala zimadutsa m'menemo. Abale ena amakana, amati kapaipi kamapha. Amaona kuti amene aikidwa kapaipi ena amamwalira. Koma kapaipi amaikira anthu amene adwala kale kwambiri. Ntchito yake ndi kusunga thupi mpaka mphamvu yomeza ibwerere, ndipo ikabwerera amakachotsa.

Namwino akatiphunzitsa kudyetsera m'kapaipi, tisunge izi. Wodwala akhale wodzutsidwa, asagone chagada. Tione chizindikiro chimene namwino waika pa kapaipi pafupi ndi mphuno. Ngati chasuntha, ngati kapaipi kasololoka, kapena wodwala watsokomola kwambiri kapena kusanza, tisathire kanthu. Tiitane namwino. Tisakankhire tokha kapaipi mkati, chifukwa kakhoza kulowa m'mapapu. Chakudya chikhale chosefa ndi chofunda chabe, chilowe pang'onopang'ono. Tikamaliza titsuke kapaipi ndi madzi owiritsa ozizira, monga namwino watisonyezera.

11. MUNTHU AKATSAMWA

Ngati akutha kutsokomola ndi kulankhula, timulimbikitse kutsokomola. Tisamupatse madzi. Tisapise chala pakhosi kufunafuna chimene sitikuchiona.

Ngati mau sakutuluka, sakupuma, wagwira pakhosi, tichite izi msanga:

Timuweramitse kutsogolo. Timumenye mwamphamvu ndi chikhatho pamsana, pakati pa mapewa, mpaka ka 5.

Zikakanika, tiime kumbuyo kwake ndi kumukumbatira. Tiike chibakera pamwamba pa mchombo, pansi pa fupa la pachifuwa. Tigwire chibakeracho ndi dzanja linalo. Tikokere mkati ndi m'mwamba mwamphamvu, mpaka ka 5. Njira imeneyi inafalitsidwa mu 1974 ndi dokotala wa ku America, Henry Heimlich.

Tibwereze, ka 5 pamsana, ka 5 pamimba, mpaka chinthucho chituluke. Kwa mayi woyembekezera sitikanikiza pamimba, timakanikiza pachifuwa. Khanda losakwana chaka timaligoneka chafufumimba pamkono, mutu uli chakumunsi, ndi kulimenya pamsana ka 5, kenaka timalitembenuza ndi kukanikiza pakati pa chifuwa ka 5. Munthu akakomoka, timugoneke chagada pansi, tikanikize pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, wina athamange kukaitana thandizo. Amene wakanikizidwa pamimba apite kuchipatala ngakhale atapeza bwino.

12. NTHAWI YOTHAMANGIRA KUCHIPATALA

Tisadikire mawa ngati wodwala walephera kumeza malovu ake, ngati watentha thupi ndipo akupuma mofulumira, ngati wangofooka ndi kusinza kuposa kale, ngati watha tsiku lonse osamwa kapena osakodza, ngati akusanza magazi, kapena ngati fupa kapena munga wa nsomba wakanirira pakhosi.

Pali odwala ena amene madokotala anena kuti matenda awo afika kumapeto. Otere amasiya kufuna chakudya. Thupi silichifunanso. Abale timamva chisoni, ndipo timaopa kuti anthu adzati tinamumana. Koma kukakamiza phala kumangomupalira ndi kumuzunza. Timupatse chimene wapempha, pang'ono. Timunyowetse milomo ndi lilime ndi kansalu. Tipemphe mankhwala ochepetsa ululu kuchipatala. Tikhale naye pafupi.

13. NTCHITO YA TONSE

Kudyetsa wodwala wotere kumatha nthawi yambiri pa tsiku. Mayi mmodzi sangathe kudyetsa, kutunga madzi, kusinja ndi kulima yekha. Mutu umodzi susenza denga. Pabanja tigawane nthawi. Abambo ndi anyamata nawonso aphunzire kugwira supuni. Aliyense amene adzadyetsa wodwalayo aphunzitsidwe malamulo omwewa, chifukwa mlendo mmodzi wachifundo wobwera ndi botolo la thobwa akhoza kuwononga ntchito ya milungu itatu.

Tsopano tikudziwa kulemba. Tilembe malamulo a kadyetsedwe ndi zilembo zikuluzikulu papepala, tikhome pakhoma pamene wodwala amagona. Tilembenso m'kope zimene wadya, zimene wamwa, ndi nthawi imene watsokomola. Popita kuchipatala titenge kopelo, namwino akawerenge.

TIYENI TILEMBE

Mau: kumeza, mmero, kholingo, mapapu, chibayo, kutsamwa, namwino, supuni.

Ziganizo:
Wodwala adye ali tsonga.
Wosinza samwetsedwa madzi.
Tidikire ameze tisanapereke supuni ina.
Titsuke m'kamwa mwa wodwala akatha kudya.

TIYENI TIWERENGETSE

Wodwala amadya ka 5 pa tsiku. Akatha kudya amakhala tsonga mphindi 30. Kodi pa tsiku lonse ndi mphindi zingati? Ndi maola angati?

TIYENI TIKAMBIRANE

1. Tchulani njira ziwiri za pakhosi. Iliyonse imapita kuti?
2. N'chifukwa chiyani madzi amavuta kumeza kuposa phala kwa wodwala sitiroko?
3. Kodi m'mudzi mwathu anthu amachita chiyani munthu akakomoka? Ndi ziti zimene tiyenera kusintha?
4. Ndi zakudya ziti za m'nyengo ino zimene tingakonzere munthu wovutika kumeza?
5. Khalani awiriawiri. Wina akhale wodwala, wina wodyetsa. Sonyezani kakhalidwe koyenera ka thupi, mutu ndi supuni. Kenaka sonyezani, osakanikiza mwamphamvu, pamene timaika manja munthu akatsamwa.